A Sailesi Mbewe ndi Chitsulo cha pa Siteshoni

A Sailesi Mbewe tinawaika m'manda mwezi wa Julaye, tsiku la mphepo yozizira, kumanda a anthu a m'makomboni, kuseri kwa njanji. Papita miyezi itatu tsopano. Akumpingo anandipempha kuti ndilembe mawu ochepa oti adzawerengedwe pa tsiku lowakumbukira. Ndinavomera, koma nditakhala pansi ndi cholembera mawuwo anakana kuchepa. Zimene ndalemba pano ndi zimene ndinaziona ndi maso anga. Zina ndi zowayamikira, zina ayi, ndipo ndikudziwa kuti eni ake sakanalola kuti ndibise.

Katawuni kathu kali pakati pa mafamu a fodya ndi chimanga, amene kuno timawatchula kuti mapulazi, ulendo wa theka la ola pa galimoto kuchokera ku Banket. Tonse timangoti pa Siteshoni, ngakhale sitima inaleka kalekale kuimapo. Pali msewu umodzi wokha, masitolo uku ndi uku, butchala, chigayo, ndi mtengo waukulu wa mkuyu pakati. A Mbewe anali telala wa pakhonde la sitolo yachitatu kuchokera kunjanji. Anakhalapo zaka zambiri moti anthu polozerana njira ankati, ukafika pa a Mbewe ukhote kumanja.

M'mawa uliwonse, kupatula Lamulungu, ankabwera akukankha wilibala. M'menemo munkakhala mutu wa makina osokera, wofunditsidwa bulangeti ngati mwana wodwala. Tebulo ndi chopondera chake zinkagona pakhonde pomwepo, zomangidwa ndi unyolo kunsanamira. Ankayamba ndi kusesa, kenaka kuthira mafuta m'makina, dontho limodzi pa kabowo kalikonse, ndipo ukawalankhula pa nthawi imeneyo sankayankha. Akamaliza ndiye ankadzutsa mutu n'kukupatsa moni ngati wangofika kumene.

Sankalola munthu kufotokoza vuto la chovala chake ali chiimire. Pafupi ndi makina panali benchi, ndipo ankayamba akuuza kuti ukhale, n'kukufunsa za kunyumba, za mvula, za amene akudwala kukomboni kwanu. Pokhapo ndiye ankalandira thalauzalo. Mzimayi sankamuyeza okha. Ankapereka tepi kwa mzimayi mnzake, iwo n'kuyang'ana kumbali, kumangomvera manambala. Ankakonda kunena kuti chigamba sichisokedwa pabowo koma pansalu yolimba yozungulira bowolo, ndipo mawu amenewa ankawanena pa chilichonse: pa maukwati ogwedezeka, pa milandu ya kumpingo, ngakhale pa za ndale.

Anabwera kuno ali wamng'ono, akulondola bambo awo kuchokera cha ku Dedza, ndipo sanabwerereko. Chichewa chawo chinali chija cha makolo, ndipo adzukulu athu amene amayamba chiganizo m'Chichewa n'kumalizira m'Chishona ankawaseka. Iwo sankasamala. Anali munthu wa mpingo, wosajomba, koma wosamva zouzidwa akatsimikiza chinthu. Chaka china akuluakulu a mpingo tinawaitana chifukwa tinamva kuti asokera anthu a kudambwe masaka ndi nsanza zovala pa gule wamkulu. Anabwera, anamvetsera mpaka titamaliza, n'kutiyankha kuti wobatizidwa ndi iwo, makina awo sanabatizidwe, ndipo ana a anthu amenewo ndi amene anakumba manda a amayi awo. Tinawadzudzula, iwo anathokoza, n'kupitiriza kusoka.

Woyandikana nawo anali VaMarufu, mwini butchala, Mshona wamimba yaikulu ndi mawu aakulu. Awiriwa anakangana zaka makumi atatu osapuma: pa ntchentche, pa wailesi, pa galu wa VaMarufu amene ankakonda kugona pa nsalu za anthu.

"Nhai muBhurandaya, kwanu udzapita liti?" ankafuula VaMarufu ali pakhomo la butchala. Limenelo ndi dzina limene ena kuno amatinyodola nalo, ngati kuti tonse tinachokera ku Blantyre.

"Ndipite kuti muziyenda matako ali pamtunda?" ankayankha a Mbewe osaleka kupondaponda. "Thalauza limenelo ndalifutukula katatu chaka chino. Nsalu yatha, Marufu. Chatsala n'kusoka mimbayo."

Koma udindo umene anthu ankawadziwira kwambiri sunali wa makina. A Mbewe anali mkulu wa sosaiti ya maliro. Ife amene makolo athu anachokera ku Malawi tilibe mudzi kuno woti munthu akafa akagone pakati pa abale. Mudzi wathu ndi sosaiti. Muli a mpingo, Asilamu ochepa, ndi anzathu a kudambwe, ndipo pa maliro palibe amene amafunsa mnzake kumene amapemphera.

Uthenga wa maliro unkayenda ndi chitsulo. Komboni iliyonse inali ndi chidutswa cha njanji kapena chimbale chakale cha pulawo chopachikidwa mumtengo. Kale kapitawo ankachimenya mofulumira poitanira anthu kuntchito. Cha maliro chinkamenyedwa mosiyana: katatu, pang'onopang'ono, n'kudikira, katatunso. A komboni yoyandikana akamva ankamenya chawo, ena n'kulandira, mpaka uthenga kufika kumapulazi akutali dzuwa lisanakwere. Anthu ankatchera khutu kumene kulira kwayambira n'kulowera komweko. Mafoni atabwera mwambowu sunathe, chifukwa okalamba ambiri alibe foni, ndipo amene ali nayo nthawi zambiri imakhala yopanda moto.

Chitsulo cha pa Siteshoni chinali mumkuyu muja, ndipo ololedwa kuchikhudza anali a Mbewe okha. Chinali ndi tanthauzo lakelake. Chikayamba kulira ndicho, ndiye kuti munthu wafera kutali, kuchipatala, kumigodi kapena ku Joni, ndipo mtembo wafikira pa Siteshoni. Mkazi wanga atamwalira kuchipatala ku Chinhoyi, anachimenya ndi iwo, ndipo ndi iwonso amene anasoka nsalu yoyera imene tinamukulunga nayo. Sanandiuze mawu ambiri. Milungu yotsatira ndinkakhala pa benchi paja masana onse, iwo akusoka, ine ndili chete, ndipo sanandifunsepo kuti ndidzayamba liti kubwerera kuntchito.

Amene amafika pa Siteshoni Lachinayi masiku ano, n'kupeza makombi, maminibasi a kuno, ataima pansi pa mkuyu, amayi atayala tomato ndi matemba, alendo a ku Harare akusankha mbatata, sangakhulupirire mmene panalili zaka zisanu zapitazo. Za kugawidwa kwa mapulazi sindilemba. Aliyense ali ndi nkhani yake, ndipo Mulungu anaziona zonse. Chimene ndinganene n'chakuti mathirakitala amene ankabweretsa antchito kumapeto kwa mwezi, anthu atadzaza m'ngolo akuimba, analeka kubwera. Anthu anatsala m'makomboni akukhalira maricho, ndiye kuti maganyu a tsiku ndi tsiku m'minda ya alimi atsopano. Makombi analeka kulowa m'tawuni, n'kumatsitsa anthu pamphambano ya msewu waukulu, ulendo wa ola lathunthu wapansi. Ogulitsa anatsatira makombi. Masitolo anatsekedwa motsatizana, udzu unamera m'makhonde, mjigo wa madzi unafa, ndipo mbuzi zinkagona m'chimbudzi cha anthu onse chimene denga lake linasasuka. Zovala za kaunjika zinatsiriza ntchito ya utelala. Panali masiku amene a Mbewe ankabwera ndi wilibala yawo, kuthira mafuta, kukhala mpaka madzulo, n'kubwerera osasoka kanthu.

Amene anayambitsa zoti tawuni idzuke anali Mai Tendai, mwana wa mwini sitolo ija ya khonde la a Mbewe. Bambo ake atamwalira anabwera kuchokera ku Harare kudzagulitsa nyumbayo. Wogula anasowa, ndipo m'malo mwake anaitsegulanso. Anasonkhanitsa eni masitolo amene anatsala n'kupanga komiti. Anagwirizana zopenta makoma ndi kukhazikitsa tsiku la msika Loweruka lililonse. Anakalankhula ndi oyendetsa makombi, iwo anati adzalowa m'tawuni akadzaona anthu. Anthu nawo ankati adzabwera akadzaona makombi. Komiti inaitana msonkhano wa anthu a m'makomboni katatu, mapepala anamatidwa m'mitengo, ndipo katatu konseko tinakhala pansi pa mkuyu anthu osakwana khumi, kumangoyang'anana.

Msonkhano wachitatu utalephereka, a Mbewe anandiitana ndikudutsa.

"Aphiri, takhalani pansi. Anthu athuwa mukuwadziwa. N'chiyani chimene chimawatulutsa m'nyumba onse tsiku limodzi?"

"Maliro," ndinatero.

"Basi."

Anayang'ana kumkuyu. Ndinamva zimene ankatanthauza, ndipo mtima unandiuza kuti n'zolakwika, koma ine ndine munthu wochedwa kulankhula. Ndinati ndikaganizire. Ndinali ndikuganizirabe m'mawa wa Lachiwiri pamene ndinamva chitsulo chikulira. Mlandu umenewo ndi wanga, ndipo ndinauulula kale kwa Mwini wake.

Kunali kukungocha kumene. Katatu, n'kudikira, katatunso. Patapita kanthawi chinayankha cha kukomboni ya kutsidya kwa damu, kenaka china chakumadzulo, kenaka china chakutali chimene ndinangochimva ngati kulira kwa udzudzu. Ndinavala jekete n'kuthamangira pa Siteshoni. Ndinapeza a Mbewe atasesa pakhonde, atavala suti yawo ya kumpingo, nkhope ili ngwee ngati munthu amene watola nzeru panjira.

A Mbewe ankaganiza kuti anthu adzabwera monga amabwerera ku maliro a munthu wina: mwaulemu, mwakachetechete, okonzeka kumva mawu. Chitsulo chimenecho iwo anali asanachimvepo ali kutali. Nthawi zonse anali ochimenya, odziwa kale dzina la womwalira. Anaiwala kuti chimanena za wofera kutali. Nanga masiku ano ndi nyumba iti m'makomboni imene ilibe munthu kutali? Wina mwana ali m'maenje a golide, wina mwamuna ali ku Joni chaka chachinayi osatumiza mawu, wina mayi ali m'chipatala. Banja lililonse linamva kuti maliro ndi awo.

Anayamba kufika dzuwa litangotuluka, ndipo ankafika akulira kale. Amayi anabwera opanda nsapato, mipango ili m'manja. Amuna anasiya maricho, ena makasu ali paphewa, okonzeka kukakumba manda. Ankatulukira m'tinjira tonse ta m'minda, ndipo aliyense pofika ankayang'ana uku ndi uku kufunafuna galimoto ya mtembo. Chitsekereni masitolo aja ndinali ndisanaonepo anthu ochuluka chotero mumsewu wathu.

Patsogolo pa onse panali Esinati, mayi wamasiye wa kupulazi lakutali kwambiri, amene mwana wake mmodzi yekhayo, Josamu, anali atagonekedwa kuchipatala ndi chifuwa. Anali atathamanga njira yonse, zidendene zikutuluka magazi. Anagwira nsanamira ya khonde n'kuitana a Mbewe kuti Asekuru, ndiye kuti agogo.

"Asekuru, ndi Josamu?"

"Ayi, mwana wanga, si Josamu."

"Musandibisire. Ndiuzeni pompano, ndili chiimire."

"Si Josamu, Esinati."

"Nanga ndani?"

A Mbewe anadzandiuza pambuyo pake kuti anali atakonza mawu masiku atatu, oti adzaimirire n'kunena kuti womwalirayo ndi tawuni yathu. Koma atamuyang'ana Esinati, kupusa kwa mawuwo anakuona asanatuluke m'kamwa. Anangoti, motsitsa, "Palibe."

"Palibe?"

"Palibe amene wamwalira. Ndimafuna tikambirane za msika."

Esinati anakhala pansi pafumbi. Sanakalipe nthawi yomweyo. Mawu aja anayenda kupita kumbuyo, wina kuuza mnzake, ndipo kulira kunkazima chigawo ndi chigawo mpaka mumsewu monse munangoti zii. Kenaka Esinati anadzutsa mutu.

"Mwandiphera mwana m'mawa uno, Asekuru. Njira yonseyi ndamusambitsa, ndamuika m'manda, ndasankha ndi nyimbo zomwe. Chifukwa cha tomato?"

Palibe amene anakhudza a Mbewe. Anthu anatembenuka n'kubwerera momwe anadzera, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene analowa m'sitolo kukagula ngakhale machesi. Mai Tendai, amene sanauzidwe kanthu za chitsulocho, anaima pakhomo pake. Anauza a Mbewe kuti tsopano dzina la komiti lanunkha m'makomboni monse, ndipo chimene chinali kudwala achitsiriza ndi iwo.

Sosaiti inakumana Lamulungu lotsatira. Akudambwe anati ndi malodza kuitana imfa isanabwere. Ampingo tinati ndi bodza, ndipo bodza ndi tchimo. Aka kanali koyamba kuti mbali ziwirizi zigwirizane pa mlandu popanda kukokana. A Mbewe anawachotsa pa udindo, anawalipiritsa mbuzi, ndipo chitsulo cha mumkuyu chinatsitsidwa. A Mbewe sanadziteteze. Anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti zitsulo za m'makomboni zisaleke chifukwa cha iwo. Koma mwezi wotsatira kutagwa maliro enieni, anthu atamva chitsulo anayamba afunsana kaye ngati n'zoona, ndipo manda anakumbidwa mochedwa. Pang'ono ndi pang'ono zitsulo zinaleka, uthenga n'kutsalira mafoni.

Zimene anachita pambuyo pake ndi zimene ndikufuna kwambiri kuti adzukulu athu azidziwe. Anafunditsa makina, anatenga ndodo, n'kuyamba kuyenda komboni ndi komboni, khomo ndi khomo, kupepesa. Anali ndi zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, bondo limodzi lotupa. Ine ndinkawaperekeza masiku ena, popeza mbali ya mlanduwo inali yanga. Pakhomo lililonse ankavula chipewa, kukana mpando, kukhala pansi, n'kunena kuti ndi iwo amene anawaliza popanda maliro, ndipo abwera kuti akalipiridwe. Za msika sankatchulako n'kamodzi komwe.

Anthu ankawakalipiradi. Koma munthu akakalipa n'kutopa, amayamba kutulutsa ndi zina.

"Ndipo msika wanuwo, ati Loweruka?" anatero bambo wina wa kutsidya kwa damu. "Loweruka ndi tsiku limene mwini munda amatipatsa zathu madzulo. Ndisiye zimenezo ndizikakuonererani inu mukuthira mafuta?"

Mayi wina anati, "Ife akazi tikafika kumeneko tikadzithandize kuti? Kuchimbudzi kuli mbuzi. Madzi akumwa timachita kupempha ngati tabwera kudzafunsira mbeta."

Wina anati m'masitolo akangomva Chichewa amayamba kukutsata m'mbuyo ngati ubapo kanthu. Gogo wina, atawatukwana mpaka mawu kusasa, anafunsa ngati anthu ophunzira a m'komitiwo sadziwa kuti Lachinayi ndi chisi. Chisi ndi tsiku limene eni dziko lino salola khasu kukhudza nthaka. Nthawi ya azungu mapulazi sankalisunga, choncho ife tinakula osaliwerengera. Koma alimi atsopano a kuno amalisunga, ndipo tsiku limenelo kulibe maricho. Makomboni onse amangokhala.

A Mbewe ankamvetsera mutu uli pansi. Tsiku lina pobwerera, titapuma pamthunzi chifukwa cha bondo lija, anandiuza kuti zaka zonsezi sanalandirepo thalauza la munthu asanamufunse za kunyumba, koma pa nkhani ya tawuni anathandiza kumata mapepala m'mitengo osafunsa munthu ndi mmodzi yemwe.

Kwa Esinati tinapitako katatu. Ulendo woyamba anatitsekera chitseko. Wachiwiri Josamu anali atatuluka m'chipatala, wowonda koma wamoyo, ndipo ndi iye amene anatipatsa madzi, mayi ake ali kuseri kwa nyumba. Wachitatu anatuluka, anaima chapatali, nati, "Ndamva, Asekuru. Muyende bwino." Mawu oti ndakhululuka sanawanene, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Komiti inali itawaletsa kulowa m'misonkhano, choncho zonse zimene anamva anandisenzetsa ine kuti ndikanene. Tinakumana m'sitolo ya Mai Tendai, ndipo ndinanena mmene ndikanathera: tsiku la msika lisinthe likhale Lachinayi, penti adikire, tiyambe ndi chimbudzi cha amayi ndi mjigo, pansi pa mkuyu pakhale mabenchi oti munthu akhalepo ngakhale sakugula kanthu, ndipo wolowa m'sitolo apatsidwe moni, osati maso. Amene anayankha anali Mai Tendai.

"Awa si mawu anu, Baba Phiri."

"Si anga."

"Ndi a munthu ali panjayo, akunamizira kufunafuna singano pansi pa windo langa?"

VaMarufu anaseka mpaka kutsokomola. "Ine Mshona, chisi ndachisunga chibadwire, lero ndikumbutsidwe ndi muBhurandaya! Lembani Lachinayi, Mai Tendai. Malata a chimbudzi ndipereka ine." Kenaka anatulutsa mutu pawindo. "Iwe mdala, wamva? Koma usayambe kunyada, udakali wolakwa."

"Ndikudziwa," anayankha mawu kuchokera panja.

Lachinayi loyamba kunabwera amayi asanu ndi mmodzi ndi madengu a masamba. Anagulitsana okhaokha, anamwa madzi a pamjigo, anacheza pa mabenchi mpaka dzuwa kupendeka. Mlungu wotsatira anabwera ndi anzawo. Mai Tendai analemba ntchito mayi wa kukomboni kuti azigulitsa m'sitolo mwake. Patapita miyezi iwiri woyendetsa kombi wina, atamva kuti kuli anthu ofuna kupita ku Banket, anakhota pamphambano paja. Zinatenga chaka chathunthu kuti makombi azolowere, ndi chaka china kuti masitolo awiri otsekedwa atsegulidwe. Penti anabwera kumapeto kwenikweni. Sindinganame kuti tawuni yabwerera mwakale. Masiku enawa pamakhalabe phee. Koma Lachinayi munthu amakumana ndi mlongo wake wa kupulazi lina osadikira kuti wina afe. Esinati amagulitsa zitumbuwa kumapeto kwa mzere. Zovala za Josamu zikang'ambika ankazitumiza kwa a Mbewe kudzera mwa anthu ena.

A Mbewe sanabwezeredwe udindo, ndipo sanaupemphe. Ntchito inawabwerera pang'ono, yochepetsa ndi kufupikitsa zovala za kaunjika zomwe zija. Munthu akawayamikira kuti msikawu ndi wawo ankakwiya. Ankati iwo anang'amba, osoka anali ena. Anadwala masabata awiri okha, chibayo. Tsiku lomaliza ndinali nawo masana. Ndinawawerengera salimo, iwo akutsatira ndi milomo. Anandiuza kuti makina apite kwa mdzukulu wawo wamkazi wa ku Concession, ndipo ndimuuze kuti mafuta ndi dontho limodzi, osati awiri. Kenaka anafunsa ngati linali Lachinayi. Linali Lolemba.

Lachinayi lapitali ndinapita pa Siteshoni kukagula sopo. Pakhonde paja ndinapeza mkulu wina wa kupulazi lakutali, amene ndinali ndisanamuone nthawi yaitali, atakhala m'mphepete mwa simenti, kathumba ka pulasitiki kali pamiyendo. Anati wabwera ndi jekete loti alisoke m'khwapa, ndipo akudikira telala, mwina apita kukamwa tiyi. Ndinakhala pambali pake n'kumuuza. 

"Liti?"

"Julaye."

"Nanga ife bwanji sitinamve?"

Foni alibe. 

Malowo akadali opanda munthu, ngakhale anthu atatu anawapempha kale kwa Mai Tendai. Iye amangoti adikire. Pasimenti pali timaenje tinayi pamene miyendo ya tebulo la makina inadya zaka zonsezo, ndi banga lakuda pakati pake. Khoma la sitolo ndi lobiriwira tsopano, koma kumbuyo kwa pamene ankakhala kwatsala chigawo cha penti wakale wachikasu, msinkhu wake wa munthu wokhala pampando, chifukwa tsiku lopenta anakana kusuntha. Anali ndi diresi la ukwati loti amalize. Mkulu uja anayang'ana pamenepo, anapinda kathumba kake n'kukapanira m'khwapa. Kondakitala ankafuula za ku Banket, amayi ankaitana ogula, ndipo anthu odutsa pakhondepo, ngakhale anali othithikana, ankalambalala timaenje tija osapondapo.